Amayi, zithunzi za ma Queens zija zimadutsa m'manja mwanga

Cape Town, 13 Ogasiti 2023

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino nonse kumeneko, inu, achimwene, alamu ndi kamtsikana kanga. Ine ndili bwino, kungoti chimfine chandikola poti kuno ndi nthawi yozizira ndipo mvula ikugwa, ee mvula mu Ogasiti, kuno imabwera nthawi yomwe kwathu kuli fumbi lokhalokha. Uthengawu ndatumiza pafoni ya achimwene kuti akuwerengereni, ndiye achimwene chonde werengani wonse osadumpha mizere, pali nkhani ya ndalama kumapetoko yomwe ndikufuna amayi aimve m'mawu anga enieni.

Pepani kuti ndinakhala chete masabata atatu osaimba. Ndamva kuti simumagona mutamva pawailesi za sitalaka ya matakisi. Sindinavulale, ndikufotokozerani bwino. Koma ndiyambe ndi ntchito ija ndinangokuuzani mwachidule kuti ndapeza kaganyu kumpira wamanja.

Mayi uja ndimamuchapira Lachiwiri ndi Lachisanu amagwira ntchito za TV. Tsiku lina anandipeza ndikukulunga chingwe cha mashini opopera fumbi, anaima n'kumandiyang'ana, kenako akuti iwe amene anakuphunzitsa kukulunga chonchi ndani, ine ndinati palibe, kwathu chingwe cha pachitsime timakulunga chonchi kuti chisapotane. Ndiye anandifunsa ngati mapepala anga ali bwino, ndinamuonetsa, basi sabata yotsatira ndinapezeka ndili pakampani ina yaing'ono yomwe imalemba anthu othandizira pa World Cup ya mpira wamanja. Amayi mpikisano umenewu sunachitikepo mu Africa muno chiyambire, aka kanali koyamba, matimu 16, masewera 60, kuyambira pa 28 Julayi mpaka pa 6 Ogasiti, onse m'chinyumba chachikulu chamisonkhano chotchedwa CTICC kufupi ndi doko. Amene amajambula ndi a SuperSport omwe aja achimwene amaonerapo mpira wa ku England, ndipo chinandidabwitsa n'chakuti anakonza zoti gulu lojambula likhale la azimayi. Pakamera mzimayi, pamakina amawu mzimayi, wolamula onse mzimayi.

Ntchito yanga inali zingwe. Musaone ngati n'zazing'ono. Kamera iliyonse mumaiona m'mbali mwa bwalo ija ili ndi chingwe chake chomwe chimayenda pansi, kudutsa kuseri kwa mipando, kutulukira panja mpaka kukalowa muthiraki yaikulu yomwe amaitcha OB van. Zingwe zake zambiri ndi zafaiba, mkati mwake muli kagalasi kowonda ngati tsitsi ndipo chithunzi chimayendamo ngati kuwala, ndiye ukachipinda kwambiri chimathyokera mkati iwe osaona, ukasiya kumutu kwake kosavindikira kafumbi kamodzi kokha kakwanira kuzimitsa kamera. Tinayamba kuyala mpikisano usanayambe, masiku angapo tikukoka, kumata ndi tepi yakuda, kuvindikira ndi mphira pomwe pamadutsa anthu, ndi kulemba nambala kumutu ndi kumchira kwa chingwe chilichonse. Mawondo anga mpaka lero akuda ndi kugwada.

Tsiku loyamba kulowa muthiraki muja ndinangoima pakhomo kukamwa yasa. Mumazizira kuposa panja chifukwa makina safuna kutentha, muli mdima, ndipo khoma lonse ndi masikirini, kamera iliyonse pake. Kutsogolo kumakhala dayirekita, iyeyo ndiye amasankha chomwe inu muone kunyumba, amangotchula manambala, konzeka 4, tenga 4, konzeka 2, ndipo pambali pake pali wina amene amadina mabatani chithunzi n'kusintha. Kumbuyo kuli ena a riplei, aja amakubwezerani chigoli pang'onopang'ono, iwowa amakhala akujambula makamera onse nthawi imodzi ndiye mpira ukangolowa amabweza ndi kagudumu kakang'ono padzanja asanauzidwe n'komwe. Pali ena ntchito yawo n'kungoyang'ana mitundu kuti diresi lofiira lioneke lofiira chimodzimodzi pamakamera onse, ena amalemba zigoli ndi maina pasikirini. Ndipo phokoso lija la nsapato kuti tswii tswii pathabwa silimangomveka lokha ayi, pali timaikolofoni tobisika m'mbali mwa bwalo, ena ndinathandiza kuika ineyo. Magetsi kuno akuzimazima ngati kwathu konko, ndiye majenereta amakhala okonzeka nthawi zonse, poti zithunzi zikangochoka muthiraki zikupita ku Australia, ku England, ku Jamaica, ndi kuvidiyo sho kwathu kuja.

Masewera atayamba anandipatsa mayi wina wa ku Durban wonyamula kamera paphewa, ine ndizimutsatira pambuyo ndi chingwe chake. Iye diso limodzi lili mukamera linalo watsinzina, saona komwe akuponda, ndiye maso ake ndine. Akapita kutsogolo ndimamasula, akabwerera ndimakulunga msanga, akamayenda chambuyo ndimagwira lamba wake pamsana kuti asagunde mpando. Timavala zakuda zokhazokha kuti tisaoneke, kukhutu hedifoni, pakhosi chitupa, foni yozimitsa. Pamwamba pa kamera pali kanyali kofiira, kakayaka ndiye kuti dziko lonse likuona kudzera pamenepo, sugwedezeka, sutsokomola.

Lamulo lina linali loti wantchito sachemerera timu, ndipo limeneli ndi lomwe linandivuta. Pamene ma Queens amalowa ndipo nyimbo yafuko lathu inayamba ine ndinali nditagwada pansi chingwe chili m'manja, mamita atatu okha kuchoka pomwe anaima. Amayi ndinalira. Zaka zinayi ndisanamve nyimbo imeneyi ikuimbidwa ndi khamu, ndipo Amalawi a kuno anabwera ndithu ndi mbendera, azimayi ogwira ntchito m'nyumba za anthu ngati ine, anyamata a m'magadeni, ena anachita kujomba kuntchito. Ndimangoimba ndi milomo mawu osatuluka, misozi ikugwera patepi.

Mwai Kumwenda ndamuona ndi maso angawa, Joyce Mvula, Towera Vinkhumbo, anthu omwe timangowamva pawailesi. Pakati pa zigawo, mukudziwa masewera amakhala zigawo zinayi za mphindi 15, ife timathamangira pomwe asonkhana kuti kamera iwaone nkhope, ndiye ndimamva akupumira m'mwamba, thukuta lili kamukamu, akulimbikitsana m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, ine ndekha m'gulu lonse lojambula ndimamva zomwe akunena. Mayi wa kamera uja anandifunsa pambuyo pake kuti amati chiyani, ndinamuuza, kuyambira tsiku limenelo akamajambula Malawi amandikodola kuti ndimusonyeze amene akuyankhula zomveka.

Koma ndikuuzeni zoona, mpira weniweniwo sindinauonere kwambiri. Achimwene anauona bwino kuposa ine amene ndinali pompo. Maso anga amakhala pansi, pachingwe ndi pamapazi a mnzangayo, zigoli ndimazidziwira kuphokoso la anthu. Tinagonjetsa Scotland 55 kwa 49 titayamba tili pambuyo, England inatiswa 62 kwa 39, Barbados tinaikwapula 84 kwa 48. Masewera omwe sindidzaiwala ndi a Australia, popita kokapuma zigoli zinali 28 kwa 28, ndipo m'hedifoni ndinamva mawu a dayirekita asintha, akuti ndipatseni nkhope za benchi ya Australia, ndipatseni anthu a Malawi akuvina. Kenako mphamvu zinatha, anatimaliza 70 kwa 46. Zinandikumbutsa 2018 muja tinagonjetsa New Zealand 57 kwa 53, abambo akadali moyo, wailesi ili pakhonde.

Kugonjetsedwa ndi Uganda 57 kwa 46 kunandipweteka kwambiri kuposa kwa azungu aja. Tamaliza pa nambala 7 titagonjetsa Tonga, pomwe mipikisano itatu yapitayi timamaliza pa 6 ndipo mu 2007 tinafika pa 5. Uganda ndiyo yatenga 5 itagonjetsa eni bwalo, South Africa, 49 kwa 47. Ine maganizo anga ndi oti atsikana athu alibe mlandu, ndawaona pafupi mmene amadziperekera. Koma ndaonanso matimu ena akubwera ndi anthu a makompyuta omwe amakhala pamwamba kujambula masewera onse n'kumatumiza kubenchi nthawi yomweyo, madokotala, anthu owongola minofu, pomwe kwathu mwana amaphunzirira padothi ndi mpira wamapepala mpaka atakula. Luso lokha latifikitsa apa koma anzathu akutidutsa tikuona. Chikho chinapita ku Australia, anagonjetsa England 61 kwa 45.

Ndinalakwitsapo kamodzi ndipo sindikubisirani. Tsiku lachitatu tikusuntha kamera pakati pa masewera awiri ndinalumikiza chingwe koma sindinakankhe mpaka chilire kuti tha. Masewera ali mkati chinasolokako, sikirini ya kamera yathu inada bii. Kunyumba simunaone kanthu chifukwa dayirekita analumphira pakamera ina nthawi yomweyo, koma m'hedifoni dzina la kamera yathu linatchulidwa katatu, manja anga akunjenjemera ndikufunafuna polumikizira. Masekondi mwina 20 koma ndinaona ngati chaka. Madzulo ake wotiyang'anira anandiitana, anandikalipira ndithu pamaso pa anzanga, ine ndinati basi ntchito yatha. Koma atamaliza anatenga zingwe ziwiri n'kundiuza kuti lumikiza, masula, lumikiza, masula, mpaka khutu langa litazolowera kaphokoso kaja. Kuchokera apo chingwe chilichonse ndimachikoka pang'ono ndisanachisiye.

Za sitalaka tsopano. Inayamba Lachinayi pa 3 Ogasiti masana, eni matakisi atakangana ndi akhonsolo pankhani yolanda galimoto zawo, anangoimitsa zonse mwadzidzidzi anthu ali kuntchito. Tikutuluka usiku tinapeza anthu miyandamiyanda akuyenda pansi mumsewu waukulu kubwerera kumalokeshoni, azimayi ndi ana kumsana, mabasi ena anaotchedwa ndipo anthu asanu anafa m'masiku amenewo. Ine sindinayese n'komwe kupita ku Dunoon komwe ndimakhala. Usiku woyamba ndinagona pamabokosi a zingwe nditafunda jekete, kenako mayi wa kamera uja ananditenga kuchipinda chake kuhotela, ndinagona kumeneko mpaka fainolo itatha. Anthu akuonera fainolo kunyumba samadziwa kuti ena mwa ife tavala malaya omwewo masiku anayi, kuchapa usiku kuumitsa ndi makina atsitsi. Sitalakayo yatha pa 10, ndabwerera kunyumba, katundu wanga ndamupeza bwinobwino.

Chikho chitaperekedwa anthu akupita kokasangalala, ife ndi pomwe ntchito inayambanso, kumatula tepi yonse, kukulunga zingwe, kuwerenga chimodzichimodzi. Tinamaliza kunja kukuyera.

Tsopano nkhani ija. Ndalama za ganyuyi sanatipatsebe, akuti kumapeto kwa mwezi, ndipo masiku awiri oyalira zingwe sanawalembe papepala langa ndiye ndikulimbana nawo, mwamwayi ndimalemba maola anga m'kabuku tsiku lililonse. Zikabwera ndikudziwa kuti tinagwirizana kuti zonse zipite kumalata a nyumba ija inagwa ndi namondwe wa Freddy, ndipo sindinaiwale kuti mukugona m'khitchini kuyambira Malichi, zimandidya mumtima usiku uliwonse. Koma Amayi ndikupempha mundilole nditumize theka lokha, linalo ndisunge. Pali maphunziro a miyezi itatu a wothandizira pakamera, Loweruka lokhalokha, ndipo mayi wa ku Durban uja wati akandilembera kalata yondichitira umboni. Tsiku lomaliza bwalo lili lopanda anthu anandisenzetsa kamera yake paphewa, yolemera ngati ndowa yamadzi yosadzaza, n'kundiuza kuti nditsatire mnzathu wina amene amathamanga ndi mpira. Ndinamutsatira osamutaya ngakhale kamodzi. Anayang'ana zomwe ndajambula n'kunena kuti dzanja lako silinjenjemera, ukuchedwa chiyani. Zaka zinayi ndakhala ndikuchapa ndi kukolopa ndipo sindinyoza, ndi zomwe zalipira fizi ya mwana, koma ntchito iyi tsiku limodzi limaposa masiku atatu a kuchapa, ndipo kukubwera rugby, cricket ndi mpira wamiyendo, zonsezo zimafuna anthu a zingwe ndi makamera.

Achimwene ndikudziwa mukwiya, munena kuti mvula ili pafupi. Ndawerengera, theka limenelo likwanira malata a zipinda ziwiri ndi misomali, zotsalazo ndimaliza mu Okutobala ndi ndalama zochapa, mvula isanayambe. Mukapite kwa amisiri aja mukafunse mtengo walero munditumizire, musadikire ndalama zifike kaye poti mitengo ikukwera sabata iliyonse. Ngati Amayi mukana ndimvera, koma muyambe mwaganiza masiku awiri musanandiyankhe.

Pali mnyamata wa kwa agogo amene akukwera basi kuchokera ku Johannesburg kumapeto kwa mwezi, ndimupatsira kathumba. Muli juzi lanu, mankhwala opaka mawondo aja, ndi mpira weniweni wamanja womwe ndagulira mwana, waphwetsedwa kuti ukwane m'thumba ndiye achimwene mukaupope kwa okonza njinga, osaupopa kwambiri. Ndaikamonso chitupa changa cha kuntchito chokhala ndi chithunzi changa, mumuonetse mwanayo kenako mundisungire m'Baibulo lanu, chisanyowe. Moni kwa alamu, kwa azakhali ndi amayi a kumpingo omwe amandipempherera. Ndiimba Lamlungu likudzali mukaweruka kutchalitchi, foni ikhale yotchaja.

Ndine mwana wanu.