Anayamba ndi mabedi asanu ndi limodzi

A Mkonzi,

Ndiloleni nditchule anthu awiri a ku New York omwe ntchito yawo imandikhudza mtima kwambiri.

Woyamba ndi a Charles King. Mu 1990, pomwe Edzi inkapulula anthu, a King pamodzi ndi a Keith Cylar, a Eric Sawyer ndi mayi Virginia Shubert anakhazikitsa bungwe la Housing Works, lothandiza odwala Edzi osowa pokhala. Onsewa anachokera m'gulu la ACT UP, lomenyera ufulu wa anthu odwala Edzi. Mfundo yawo inali yosavuta kumva: wodwala wogona m'khonde la sitolo angasunge kuti mankhwala, nanga angawamwe bwanji pa nthawi yake? Choyamba apeze denga. Chomwe ndimasirira n'choti sanangokhala kudikira thandizo. Anatsegula masitolo a zovala za kaunjika komanso sitolo ya mabuku, phindu lake n'kumathandizira ntchito. A Cylar, omwenso anali ndi kachilombo, anamwalira mu 2004, koma a King anapitiriza.

Wachiwiri ndi a Carl Siciliano. Mu 1997, Ali Forney, wachinyamata wosowa pokhala yemwe iwo ankamudziwa, anaphedwa ku Harlem, dera la mumzinda wa New York, ali ndi zaka 22. Mu 2002 a Siciliano anatsegula Ali Forney Center m'chipinda chapansi pa tchalitchi, ndi mabedi asanu ndi limodzi okha, kuti muzigona achinyamata othamangitsidwa kwawo chifukwa chokondana ndi amuna kapena akazi anzawo. Ndine kholo, ndipo zoti mwana wobereka wekha n'kumutsekera chitseko usiku zimandiwawa zedi.

Chonde, mukamalemba za mabungwe, muzitiuzanso za anthu omwe anawayambitsa ndi komwe anayambira.

Wowerenga wanu,
Zomba