Kwa atsibweni, za munda wa kuphiri

Mbare, Harare

Okondedwa Atsibweni,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi onse pakhomopo. Kuno tikudzuka ndithu. Ukalipentala ukuyenda mwapang'onopang'ono, ndipo ndalama yawo ya ZiG imene inabwera mu 2024 ambiri saikonda, aliyense akufuna madola a ku America. Ndatumiza kangachepe pa Mukuru, mukatenge ku Dedza boma. Ndi ya feteleza ndi fizi ya ana.

Chimene ndalembera ndi ichi. Amayi andiuza pafoni kuti kwabwera munthu wa ku Lilongwe wofuna kugula munda wa kumtunda uja kuti azilimamo kachewere, ndipo mbumba yagawikana. Mwini mbumba ndinu, ine ndine mwana, koma mundilole ndiyankhulepo.

Munda umenewo ndiye mudzi weniweni. Agogo ankatiuza kuti makolo anakwera phiri m'zaka za m'ma 1800 pothawa nkhondo za Angoni ndi ogula akapolo. Ankagona m'mapanga, n'kumalima timinda ta pakati pa miyala, ndipo anatsikira kumene tili panoku nkhondo zitatha. Inu nomwe mukudziwa kuti khasu likalowa pang'ono m'munda uja limatukula mapale a miphika yakale, ndipo mwala woperera mawere udakalipo pansi pa msuku waukulu, pakati pake posalala ndi pokumbika. Pa njala ya 1949 ndi kasupe wa pamenepo amene anasunga anthu, poti dimba lake silinaume.

Ndiye pali zojambula za m'mapanga. Zofiira amati n'za Akafula, zoyera n'za makolo athu Achewa, zina za chinamwali, zina za nyau. Ife tinkangobisalamo mvula poweta mbuzi, mwina n'kusonkhamo moto wootcha mbewa, osadziwa kanthu. Koma mu 2006 a UNESCO anaika dera la Chongoni pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse, malo ojambulidwa okwana 127, ndipo alendo amachoka kutali kudzaona ku Mphunzi ndi ku Chencherere. Kuno nakonso kuli zotere ku Domboshava, kunja kwa mzinda, ndipo munthu salowa ulere.

Koma chondiopsa kwambiri ndi chimene ndimaona kuno tsiku ndi tsiku. Ku Mbare, Mufakose, Highfield ndi Epworth kuli machona ambiri a kwathu. Ena anabwera ndi Mthandizi, bungwe lija linkalemba anthu ntchito, ena wapansi, makamaka nthawi ya Chitaganya pakati pa 1953 ndi 1963, mzinda uno ukadali Salisbury. Anathera mphamvu m'mafamu a fodya, m'migodi ndi m'makhitchini a azungu. Mafamu atayamba kulandidwa mu 2000, ambiri anasowa kolowera. Mu 2005 boma linagwetsa nyumba za m'malokeshoni n'kuuza anthu kuti abwerere kumidzi kwawo. Mshona anakweza katundu pa basi n'kupita. Wathu akanapita kuti? Unzika ana awo anaupeza ndi malamulo atsopano a 2013, koma unzika si munda.

Pali mdala wina amasoka nsapato pafupi ndi msika wa Mbare. M'thumba la jekete amasunga chitupa chake chakale, chokulunga m'kapulasitiki, chothetheka m'mapindiro mpaka dzina la mfumu silikuwerengekanso. Akuti kwawo n'ku Bembeke. Adzukulu ake gule amavina bwino zedi, nyimbo zake n'zathu zomwe ngakhale Chishona chalowerera, koma ukawafunsa mudzi amangoti “ku Dedza”, basi. Mdalayo amati akanabwerera kalekale, koma anamva kuti malo a amayi ake anagawidwa. Ine sindikufuna ana anga adzayankhe choncho.

Sindikukana kuti ndalama ikufunika. Denga la amayi likudontha, ndikudziwa, ndipo kachewere ku Dedza ndi ndalama, aliyense amaona matumba ali mbwee m'mbali mwa msewu wa M1. Ngati munthuyo akufunadi kulima, mumubwereke kwa chaka chimodzi kapena ziwiri azilipira lendi, ndipo zikambidwe pamaso pa amfumu, zilembedwe papepala, osati zapakamwa. Asadule mtengo uliwonse kumtunda kwa kasupe, asayandikirenso kumanda. Akakana zimenezi, ndiye kuti si kachewere yekha amene akufuna. Za malata ndiyesetsa ine, mwezi wamawa ndiwonjezera.

Pempho lina: agogo akadali ndi mphamvu, wina mwa anyamatawo akhale nawo pansi awajambule mawu pafoni, atchule mayina a makolo, malire a minda ndi amene anagona pamanda akale aja. Anditumizire pa WhatsApp, ya bandulo ndilipira.

Mulungu akalola ndibwera mu Ogasiti, kudzera ku Nyamapanda ndi ku Tete. Chonde musasainire chilichonse ndisanafike. Mupereke moni kwa amayi, agogo ndi amfumu.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
ku Harare