Mbiri ya Huntingdon House isathere pa bwana yekha

Akonzi,

Ndimafuna ndiyankhulepo za Huntingdon House, nyumba yakale ija ili pakati pa minda ya tiyi ku Satemwa, ku Thyolo. Esiteti imeneyi anayiyamba ndi Maclean Kay wa ku Scotland mu 1923, nyumbayo anamanga mu 1928 kuti azikhalamo ndi banja lake, pano ndi malo ogona alendo, ndipo kunena zoona ayisamala bwino, khonde lalikulu lija, kapinga wodulidwa bwino, tiyi mbali zonse kubiriwira mpaka kuphiri.

Koma mbiri ya nyumba zoterezi ikamakambidwa timangomva za eni ake basi. Nanga amene anaumba njerwa? Makhukhi, alonda, amayi othyola tiyi dengu lili kumsana mame ali thoo? Ambiri ogwira ntchito m'maesiteti a Thyolo ndi Mulanje anali Alhomwe ochokera ku Mozambique, ena anavutika ndi thangata, zidzukulu zawo zilipobe m'midzi yozungulira.

Chonde tumizani mtolankhani akacheze ndi agogo amenewa adakali moyo, alembe maina ndi nkhani zawo, ana asukulu aziwerenga.

Wowerenga wanu,
Bvumbwe, Thyolo