Buku lako ndawerenga, tsopano undimvere

Mwana wanga wokondedwa,

Kuno ku Chilomoni tili bwino, kupatula bondo la bambo ako limene limavuta kukangozizira. Buku unandisiyira lija ndalimaliza, ndipo chimene unandipatsira ndachidziwa. Iwe si munthu wopatsa mayi ako buku lachikondi popanda chifukwa. Umafuna ndione mwana wa mwinimalo wa ku England akukwatira mtsikana wantchito, ndigwetse misozi, kenaka ndinene kuti pita ukatenge wako wogulitsa kaunjika ku Limbe uja.

Misozi ndagwetsadi. Pamene mtsikanayo ankakolopa masitepe, mayi a mnyamata n'kumudutsa osamuyang'ana n'komwe, ndinayamba ndaika buku pansi. Agogo ako aakazi anagwirapo ntchito m'nyumba ya azungu ku Sunnyside. Ankalowera khomo lakuseri, kapu yawo inali yayokha, ndipo ana amene ankawabereka kumsana ankawaitana ndi dzina. Pamenepo wolemba wagwira mtima wanga. Choncho mtsikana wako ndilibe naye mlandu. Amene wandidetsa nkhawa ndiwe, chifukwa ndaona kuti m'bukumo wadzisankhira malo a mnyamatayo.

Tawerenganso mofatsa. Kuyambira tsiku limene anamufunsira mpaka tsamba lomaliza, mtsikanayo ntchito yake ndi kuthokoza. Amugulira diresi, zikomo. Amuphunzitsa kugwira foloko, zikomo. Akangana ndi bambo ake chifukwa cha iye, wagwada akulira. Palibe ndi pamodzi pomwe pamene ananena kuti ayi, apa mwalakwa. Nanga akanatsutsa bwanji? Usaiwale kuti mayi ako anapumira fumbi la choko pophunzitsa mbiri yakale. Nkhaniyo ikuchitika cha m'ma 1810. Nthawi imeneyo ku England mkazi akakwatiwa, ngakhale kandalama kamene wakhetsera thukuta yekha kankasanduka ka mwamuna. Lamulo linayamba kusintha mu 1870, n'kudzakonzedwa bwino mu 1882. Kuti ukwati uthe, kufikira mu 1857, zinkafunika Nyumba ya Malamulo, ndiye wosauka akanalowera pati? Wantchito akachotsedwa popanda kalata yomuchitira umboni, ntchito ina sankaipeza. Kufatsa kwa mtsikanayo iwe ukukuona ngati chikondi chokhachokha. Ine ndikuonamonso mantha a munthu amene alibe kobwerera.

Ndiye pali china chimene chandikwiyitsa. Mayi ake a mtsikanayo anathera kuti? Kumayambiriro alipo, akuchapa zovala za anthu. Pa tsiku la ukwati wolemba wawaiwala, ndipo iwenso ndikhulupirira sunawafunse.

Kwathu kuno mayi amenewo saiwalika. Mtsikana wako kwawo ndi ku Chiradzulu, kwa achikamwini. Munda ndi wa mayi ake, ana anu adzawerengedwa ku mbumba ya kwawo, ndipo wolankhula pa nkhani zawo ndi malume ake. Ngakhale mutakakhala ku Namiwawa m'nyumba ya mpanda, ukapita kumeneko udzakhala pamphasa kudikira ankhoswe amalize kulankhula. Malipiro ako a kubanki kumeneko salankhula. Akuluakulu anati mkamwini asamakule mwendo. Komanso anthu a dera limenelo sanaiwale thangata. Makolo awo ankalima m'maesiteti a azungu monga ku Magomero ngati lendi ya malo okhalapo, nkhanza zomwe zinathandiza kudzutsa John Chilembwe mu Januwale 1915, ndipo thangatayo inadzatha mu 1962, agogo ako ali kale pabanja. Munthu wobwera pagalimoto kuyembekeza kuthokozedwa amamuzindikira asanatsike.

Mlongo wako wandiuza kuti unamulonjeza mtsikanayo kuti mukakwatirana sadzavutikanso ndi padzuwa pa msika. Ndikudziwa unanena ndi mtima wabwino, koma mawu amenewo uwabweze. Belo limene amatsegula lija ndi limene limamupatsa pakamwa. Amadziwa kusankha zovala, kunenerera, kusiyanitsa phindu ndi mpamba, ndipo akulipirira mng'ono wake sukulu osapempha munthu. Ukamuchotsa pamenepo, ndalama ya mchere adzayamba kukupempha, ndipo wopempha mchere sangakuuze kuti wabwera mochedwa. Ukafuna kumuthandiza, muonjezere mpamba, ndipo usamafunse mawa lake kuti yapita kuti. Akadzafuna kusiya, anene yekha.

Pagulu la anzako a kuntchito usamukonze Chingerezi. Ndinakumvapo ukuchita zimenezi kwa msuweni wako pa chinkhoswe chija, ndipo sindinasangalale. Akalankhula Chichewa, iwenso lankhula Chichewa. Puloti yako ya ku Machinjiri, mukadzalowa m'banja, mudzalembetse maina onse awiri. Lamulo la mu 2011 likuletsa kulanda chuma cha amasiye, inde, koma abale athu ndimawadziwa ine, ndipo ena ayamba kale kunena kuti akutsatira ndalama.

Funso limodzi udziyankhe wekha, osati kwa ine. Kodi anakutsutsapo, iwe n'kugonja? Ngati sizinachitikepo, musafulumire kutchula tsiku.

Ubwere naye Lamulungu tikaweruka kutchalitchi. Usamugulire chovala chatsopano chobwerera kuno, abwere ndi zake. Amalume ako ndawaimbira, akuti kutha kwa mwezi atsika kuchokera ku Thyolo kuti mukambirane zokaonekera ku Chiradzulu, ndiye ndalama yawo ya minibasi utumize msanga. Bambo ako akuti ubweretse mankhwala opaka aja.

Ndine mayi ako.