Akwatibwi, samalani pooda diresi pa intaneti

Akonzi,

Akwatibwi ambiri kuno ku Chipata akuoda madiresi kwa osoka a pa Facebook ndi WhatsApp pofuna mtengo wotsika, koma ena amalira ukwati utayandikira. Vuto limayambira pa miyezo. Pitani kwa telala akuyezeni chifuwa, chiuno, mahipi ndi utali kuchokera paphewa mpaka pansi, mutavala nsapato za tsikulo. Chonde musachotsere masentimita poganiza kuti muonda; diresi lalikulu telala amabweza, lothina limasowa nsalu yowonjezera. Kumsana sankhani zingwe zomanga osati zipi, pakuti thupi limasintha.

Odani kukadali miyezi 3. Pemphani vidiyo ya nsaluyo ili padzuwa, chifukwa chithunzi chimabisa kupyapyala kwake. Perekani theka la ndalama, zotsalazo mukaona diresi latha, ndipo sungani mauthenga onse a malipiro.

Wowerenga wanu,
Chipata