Lipoti la msonkhano wa mapulogalamu aufulu umene munandituma ku Lilongwe

A Wapampando ndi aphunzitsi anzanga nonse,

Ndabwerako bwino, ndipo zikomo chifukwa cha ndalama ya thiransipoti imene munasonkha. Msonkhano unali wa tsiku limodzi, wokambirana malo a pa intaneti ophunzirirapo za mapulogalamu a kompyuta aufulu.

Chachikulu chimene ndabwera nacho ndi kusiyana kwa ulere ndi ufulu. M'Chingerezi zonsezi amazitchula ndi liwu limodzi loti "free", n'chifukwa chake eni nkhaniyi amataya nthawi kulongosola, pomwe ife tili ndi mawu awiri. Windows yokopera ija timaikitsa kwa anyamata a mumsika ndi yaulere ndithu, koma ufulu mulibemo. Sitingaone mmene inalembedwera, sitingaisinthe, ndipo kuigawira mnzathu ndi mlandu. Ndinachita manyazi pokumbukira kuti makompyuta a m'kalasi mwanga onse ali choncho, ndipo ana ndimawaphunzitsa pomwepo.

Poyambira kuwerenga ndi pa gnu.org. Pamenepo afotokoza maufulu anayi, ndipo amawawerenga kuyambira pa 0: kugwiritsa ntchito pulogalamu mmene ukufunira, kuona mkati mwake ndi kuisintha, kugawira ena, komanso kugawa imene waikonza. Woyambitsa zonsezi ndi Richard Stallman, yemwe analengeza ntchito ya GNU, yopanga mapulogalamu aufulu oyendetsera kompyuta, mu 1983 ndi kukhazikitsa bungwe la Free Software Foundation ku Boston mu 1985. Nkhani yake inandigwira mtima. Ali ku yunivesite ya MIT ku America, pulinta inkakanirira mapepala, iye anafuna kukonza pulogalamu yake, koma anamumana source code, malangizo amene opanga analemba. Ndani mwa ife sanaimepo pa pulinta yokanirira, mayeso ali mawa? Layisensi ya GPL, yoteteza maufuluwa, inatuluka mu 1989, kenako Linus Torvalds anayamba Linux, phata la pulogalamu yaufulu yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, mu 1991.

Anationetsanso Free Software Directory, pofufuzira pulogalamu yaufulu ya ntchito iliyonse, ndi h-node.org, poonera ngati pulinta kapena chipangizo china chimagwirizana ndi mapulogalamuwa usanagule. A mafoni a Android ayang'ane F-Droid, pokoperapo mapulogalamu aufulu a pa foni. Mavidiyo a LibrePlanet, misonkhano ya mapulogalamu aufulu, alipo ambiri, koma amadya bandulo, ndiye ndawasiya kaye.

Chimene ndinaona ndi maso ndi ichi. Mayi wina anatulutsa laputopu yakale, mabatani awiri atathothoka, batire yomanga ndi tepi. Anabaya flash, n'kuyatsa, ndipo Debian, mtundu umodzi wa Linux, inatseguka osakhudza kanthu kalikonse m'makinamo. Analemba kalata pa LibreOffice, pulogalamu yaufulu yolembera, ife tikuonerera. Izi zikutikhudza chifukwa chithandizo chanthawi zonse cha Windows 10 chinatha pa 14 Okutobala 2025, ndipo makompyuta athu ambiri sanganyamule Windows 11. Tsamba la endof10.org likufotokoza za kusamukira ku Linux m'malo motaya makina abwinobwino.

Wina anadandaula kuti zimenezi ndi za azungu. Anamuyankha kuti DHIS2, imene Unduna wa Zaumoyo kuno umasungiramo ziwerengero za m'zipatala, ndi pulogalamu yotere, yotsogoleredwa ndi University of Oslo. Ine ndinagwirizana nawo, koma dandaulo lija lili ndi mfundo: masamba onse amene anationetsa tinawawerenga m'Chingerezi, china chake cholimba ngakhale kwa mphunzitsi.

Choncho ndikupempha kuti tisankhe anthu atatu omasulira tsamba la maufulu anayi lija m'Chichewa, tiyambe ndi limenelo basi. Ndikupemphanso sukulu imodzi ilole tiyese Debian pa makompyuta awiri teremu ino. Flash ndabwera nayo, muli Debian, LibreOffice ndi Kiwix, yowerengera Wikipedia popanda intaneti. Amene akufuna kukopera abwere ndi flash yake ku msonkhano wathu wotsatira, ndipo malisiti a ulendo ndapereka kale kwa a msungichuma.