Kalata ya chikhululuko siyokwanira pa viza ya ku Australia

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhepo pa dandaulo lomwe limamveka kawirikawiri pakati pa ife a ku Africa okhala kuno ku Australia, loti boma likupasula mabanja pokaniza viza amuna omwe anamenyapo akazi awo. Odandaulawo amati mkazi mwiniwake anakhululuka, ana akufuna bambo awo, ndalama zoposa madola 9,000 za viza zinalipiridwa kale, nanga boma likulowererapo chiyani? Ine ndikuti boma silikulakwa pokana kugamula mlandu wotere ndi kalata ya chikhululuko yokha.

Amene anakwatirana ndi nzika ya kuno amapempha viza 820 ngati ali m'dziko muno, kenako 801 yokhazikika. Amene ali kunja amayamba ndi 309, n'kudzalandira 100. Onsewa amadutsa pa gawo 501 la lamulo la Migration Act la 1958, lomwe limaunika khalidwe la munthu. Ambiri amangodziwa zoti wolamulidwa kukhala m'ndende miyezi 12 kapena kuposerapo walephera mayesowo. Zomwe sadziwa n'zoti munthu atha kulepheranso asanaponde m'ndende, ngati mbiri yake ikusonyeza kuti angazunze kapena kuopseza munthu wina kuno.

Kuyambira mu Epulo 2021, malangizo a nduna otchedwa Direction 90 anaika nkhanza za m'banja pa mfundo zikuluzikulu zomwe wogamula ayenera kuziyang'ana poyamba. Direction 110, yomwe nduna Andrew Giles anatulutsa mu Juni 2024, inasunga mfundoyi. Nkhanza zake si chibakera chokha ayi. Kumana mkazi ndalama, kumuletsa kuonana ndi abale ake, kumulondalonda, ngakhale kupha chiweto chake mwadala, zonsezi zalembedwamo. Sipafunikanso kuti khoti linamupeza wolakwa, bola pakhale umboni wochokera kumalo odalirika, ndipo munthuyo apatsidwe mwayi woyankhapo.

Apa m'pamene abale athu amakwiya. Amati ngati khoti silinamumange, ndiye kuti palibe mlandu. Koma ife obadwira ku Malawi tikudziwa bwino mmene mlandu wa m'banja umafera. Kwathu lamulo loletsa nkhanza za m'banja lilipo kuyambira 2006, ndipo kupolisi kuli nthambi yothandiza ozunzidwa. Komabe mayi akakadandaula Lolemba, Lachitatu ankhoswe afika, apongozi alira, akumpingo akumbutsa kuti banja ndi kupirira, ndipo Lachisanu mayi uja abwerera kupolisi kukanena kuti takambirana. Sikuti nkhanzazo sizinachitike. Anthu angogwirizana kuti asazitchulenso. Mwambo umenewu sutsala pa bwalo la ndege la Kamuzu; timakwera nawo ndege. Kuno m'malo mwa ankhoswe mumalowa akuluakulu a gulu la anthu akwathu, ndipo mawu ake ndi omwewo: musatichititse manyazi kwa azungu.

Ndiye kalata ija yoti ndamukhululukira, analemba ndani kwenikweni? Mwina ndi mayiyo ndi mtima wake wonse. Mwinanso analemba mwamuna ali chiimire kumbuyo kwake, lendi ikudikira, ndipo achibale kumudzi akuimba foni kufunsa kuti ndalama zomwe mlamu ankatumiza zithera pati. Wogamula sangathe kusiyanitsa makalata awiriwa pongowawerenga. N'chifukwa chake amafunsanso zina: zinachitika kangati, kodi zinkakula, kodi mwamunayo anavomera kulakwa kwake, kodi anapitako ku maphunziro osintha khalidwe, kodi anabwerezanso apolisi atamuchenjeza. Mwamuna amene wasinthadi ali ndi zoti asonyeze pa mafunso amenewa. Amene akungodalira misozi ya mkazi wake alibe.

Dziko lino silinafike pamenepa mwamasewera. Mu 2014 mnyamata Luke Batty anaphedwa ndi bambo ake pa bwalo la masewero ku Tyabb m'chigawo cha Victoria, ndipo mayi ake, a Rosie Batty, anagwedeza dziko lonse ndi nkhaniyi. Ndipo oganiza kuti ukaliwu ndi wa amphawi okha akumbukire kuti mu 2015 katswiri wa nkhonya Floyd Mayweather, ndi chuma chake chonse, anamanidwa viza chifukwa cha mbiri yomweyi.

Chomwe chimandidetsa nkhawa n'china. Mayi yemwe ndi nzika, amene anaitanitsa mwamuna wake, akadziwa kuti kuimba 000, nambala yoitanira apolisi pangozi, kungachititse kuti bambo wa ana ake abwezedwe kwawo, amatha kusankha kukhala chete. Iye akufuna kuti kumenyako kuthe, osati kuti atsale yekha ndi ana atatu ndi ngongole ya nyumba. Apa boma liyenera kuchitapo kanthu, pomupatsa mayi wotere loya wakeyake ndi womasulira yemwe si mnzake wa mwamunayo, kuti alankhule payekha mlandu usanagamulidwe. Likudziwa kale kuteteza mbali inayo: ngati wozunzidwa ndi amene akudikira viza, lamulo limamulola kupitiriza pempho lake lokhazikika ngakhale banja litatha, ndipo kuyambira 2016 woitanitsa naye amapereka chikalata cha kupolisi.

Kwa abale omwe nkhaniyi yawagwera, musabise mbiri yanu pa fomu. Adzafuna zikalata za kupolisi za dziko lililonse lomwe munakhalamo miyezi 12 m'zaka 10 zapitazi, kaya ndi Malawi, South Africa kapena Britain, ndipo bodza likapezeka litha kukutsekerani khomo zaka zitatu. Mukakanizidwa pa gawo 501 muli m'dziko muno, masiku okachita apilo ku Administrative Review Tribunal, bwalo lounikanso zigamulo za boma lomwe linalowa m'malo mwa lakale lotchedwa AAT mu Okutobala 2024, ndi 9 okha. Masiku amenewo athereni kwa loya, osati pokakamiza mayi wa kunyumba kuti alembe kalata ina.

Mmalawi wokhudzidwa,
Perth, Australia